Mtengo wa usipa uli kumwamba

 Sabata yatha ndinalonjeza kuti lero tikamba za ziphaso, koma mundikhululukire, nkhani imeneyo idikire kaye. Loweruka lapitali pa Luwanda, kwathu konkuno ku Machinjiri, panachitika kanthu kamene sindingathe kukasunga m'mimba.

Ndinali nditakhala pa benchi ya azakhali anga, amene akhala akugulitsa nsomba zouma pamenepo kuyambira ine ndili ku pulayimale. Kunabwera bambo wina wa tayi, chikwama m'khwapa, nafunsa mtengo wa usipa. Atamva mtengo anayang'ana mulu, nayang'ananso azakhali, basi mkwiyo.

"Mayi, uku ndiye kuba masanasana! Masabata awiri apitawo ndalama yomweyi mulu unali kawiri pamenepa. Kodi dola yakweranso usiku wathawu?"

Azakhali sanafulumire kuyankha. Anayamba aingitsa ntchentche ndi kanthambi kawo, kenaka analoza kumwamba nkuti, "Bambo, mukafunse mwezi."

Mkulu uja anayesa akumuchita chipongwe. Ananyamuka osagula, uku akung'ung'udza kuti azimayi a pamsika mwano ndiye chakudya chawo. Komatu azakhali sananyoze munthu. Ananena zoona zenizeni, ndipo zoona zimenezo anazigula ndi ndalama zawo, ine ndikuona ndi maso angawa.

Chaka chatha, nthawi yotentha ija mvula isanayambe, azakhali anatopa ndi kupikula ku Limbe. Ankati opindula ndi a pakati, iwo amangotola nyenyeswa. Anatenga ngongole ku banki m'khonde, naphatikiza ndi kampamba kawo, nati ulendo uno ndikagula ndekha kunyanja. Ine ananditenga kuti ndikawathandize kunyamula, komanso poti ndimadzitcha mtolankhani, ndinati mwina ndikatolako nkhani. Tinakwera ku Limbe, kudutsa Zomba, Liwonde, Ulongwe, Mangochi, mpaka tinakafika pa Msaka, kuseri kwa Monkey Bay, fumbi lili tholo m'mutu.

Tinapeza doko lili zii. Mathandala oyanikapo nsomba ali mbee, opanda kanthu. Mabwato ali pamtunda, asodzi ena akusoka maukonde pansi pa mtengo, ena akusewera bawo, ena kaya anali kuti. Azakhali anafunsa mayi wina kuti kodi kwagwa maliro? Mayiyo anaseka mpaka kugwira nthiti. "Mwachokera ku Blantyre eti? Simunauone mwezi dzulo?"

Ife mwezi tiuonera kuti? Munthu wa m'tauni amadziwa tsiku lolandira malipiro, tsiku la lendi ndi tsiku lozima magetsi. Mwezi timaukumbukira pokhapokha magetsi akazima, ndiye timangoti kunja kwayera bwino, basi. Tinafika pa Msaka mwezi uli wathunthu, ukutuluka dzuwa likamalowa ndi kukalowa m'mawa kutacha. Masiku otero a chilimira ambiri sapita pamadzi.

Tinakhala pamenepo masiku 6. Malo ogona kulipira, chakudya kugula, mpamba ukusungunuka ngati mchere m'madzi. Kausipa kochepa kamene kankabwera tinkakalimbirana ndi anthu a magalimoto ochokera ku Lilongwe, ndipo inu mukudziwa kuti pa mpikisano wotere wa thumba laling'ono amangoonerera. Azakhali anaonda ndikuwaona. Ine ndiye ndinapindula, chifukwa masiku amenewo ndinazolowerana ndi mkulu wina amene ntchito yake ndi usiginala, ndipo mdima utayamba kubwerera anandilola kukwera nawo boti usiku umodzi.

Kwa amene simunafikeko kunyanja, chilimira ndi ukonde waukulu wooneka ngati thumba, umene amaukoka pakati pa madzi, osati kugombe ngati khoka. Gulu limodzi limakhala ndi anthu pafupifupi 10, boti la injini ndi mabwato ang'onoang'ono. Koma mwini filimu ndi siginala. Iyeyu amakhala yekha m'bwato lake, nyali zitamangidwa pa mtengo kumapeto kwa bwatolo, ndipo pogawana ndalama gawo lake limaposa la okoka ukonde. Ine poyamba ndinkati uku nkukondera. Munthu wongokhala ndi nyali alandire zambiri kuposa amene akuthyoka msana? Nditaona ntchito yake ndinatseka pakamwa.

Tinachoka dzuwa litangolowa. Tinayenda mpaka magetsi a kumtunda anasanduka timadontho. Anamutsitsa siginala ndi bwato lake, ife tinapita chapatali nkuzimitsa injini. Mdima wa ndiweyani, madzi akuda bii, ine mtima uli m'mwamba chifukwa kusambira kwanga nkwa mu mtsinje wa Lunzu, madzi ofika m'mawondo. Kenaka nyali zinayaka. Ndipo si zathu zokha ayi. Uku nyali, uko nyali, mzere wonse mpaka kumene maso alekezera, ngati ukuona Ndirande usiku uli pamwamba pa phiri. Azungu amaitcha nyanja yathuyi Lake of Stars, nyanja ya nyenyezi, ndipo amati dzinalo linachokera kwa David Livingstone, amene anafika panyanjayi mu 1859. Usiku umenewo ndinamvetsa chifukwa chake.

Tinadikira nthawi yaitali, mwina maola awiri. Siginala samangokhala, amayang'ana pansi pa madzi, amawerenga thovu, amamvetsera. Atakhutira anakuwa, anyamata naponya ukonde mozungulira, iye nayamba kupalasa pang'onopang'ono, osathamanga, kulowera pakamwa pa ukonde. Apa ndi pamene ndinaona chodabwitsa. Pansi pa nyali zake madzi anali akuwira ndi usipa, ukuzungulira ngati chimphepo cha kamvuluvulu, ndipo bwato likasuntha, chigulu chonsecho chinkasuntha nalo ngati mbuzi zotsata mwini wake. Anaulowetsa mu ukonde yekha, wosaukankha, wosaumenya. Akanapalasa mofulumira ukanabalalika, akanachedwa ncheni zikanaubalalitsa. Ndiye mukuti asalandire zambiri?

Tili kubwerera ndinamufunsa kuti, "Achimwene, kodi usipawu umafunanji pa nyali?"

Anati, "Mphwanga, ngumbi zimafunanji pa nyali ya pakhonde panu?"

Yankho labwino, koma silinandikwane. Nditabwerera kuno ndinakhala masiku angapo ndikuwerenga pa intaneti ya pafoni mpaka bandulo kutha, ndipo zimene ndinapeza ndi izi.

M'nyanjamo muli tizilombo ting'onoting'ono toyandama, tina tochepa kuposa nsabwe, timene ndi nsima ya usipa. Mulinso mphutsi za nkhungu, touluka tija timatuluka m'nyanja ngati utsi, timene anzathu a ku Nkhata Bay ndi ku Likoma amapanga nato ndiwo. Masana tizilomboti timathawira pansi kuopa kudyedwa, usiku timakwera m'mwamba. Nyali ikayaka pamalo amodzi mumdima, tambiri timasonkhana pamene pali kuwalapo. Tsono usipa ndi nsomba yosaka ndi maso. Mumdima sungaone chakudya bwinobwino, ndiponso sungaonane wokhawokha kuti uyende pa chigulu, choncho umamwazikana. Nyali imaupatsa zonse ziwiri nthawi imodzi: chakudya chasonkhana, ndipo maso akuona. Ukabwera wochepa, wina umatsatira unzake, mpaka chigulu. Pambuyo pake pamabwera akuluakulu odya usipawo, ncheni ndi anzake, kudzadikira m'mphepete mwa kuwala. Ndi chifukwa chake mu mulu wa usipa nthawi zina mumapezamo kancheni kamodzi kosokera.

Palinso china. Nsomba zambiri zimadziwa kumwamba ndi pansi poyang'ana kumene kuwala kukuchokera, zimaloza msana wake kumeneko. Chilengedwere kuwala kumachokera kumwamba konse, dzuwa kapena mwezi. Tsono kukachokera pa kadontho kamodzi pafupi, nsomba imangozungulira pomwepo ngati woledzera amene wasowa njira ya kwawo. Ngumbi nazo zimatero. Ndiye kuti siginala uja sananame, anangodula nkhani.

Nanga mwezi umalowapo bwanji? Apa ndiye inu a malonda mumvetsa msanga kuposa aphunzitsi. Magetsi akazima Machinjiri yense, golosale imodzi yokha nkukhala ndi jenereta, makasitomala onse amapita kuti? Pomwepo. Koma magetsi akayaka paliponse, mwini jenereta uja amasanduka munthu wamba. Mwezi wathunthu ndi magetsi oyaka nyanja yonse. Usipa ukuona paliponse, chakudya chili paliponse, tsono ukavutikirenji kupita pa nyali ya siginala? Asodzi akapita nthawi yotero amangowotcha petulo.

Mwezi umatenga masiku 29 ndi theka kuchoka pa uthunthu kufika pa uthunthu wina. Ukadutsa uthunthu, tsiku lililonse umachedwa kutuluka ndi mphindi pafupifupi 50. Ndiye kuti patapita masiku 4 kapena 5 asodzi amakhala ndi maola atatu kapena anayi a mdima madzulo, ndipo ntchito imayambiranso. Mdima umakulirakulira mpaka mwezi utafa, kenaka ukaoneka watsopano umayamba kudya mdima wa madzulo, asodzi nkumadikira kuti ulowe kaye. Onjezanipo masiku awiri kapena atatu oyanika pa thandala ndi tsiku la pamsewu, mupeza kuti zimene zachitika kumwamba zimafika pa Limbe patatha pafupifupi theka la sabata, pa Luwanda mawa lake. Sindikunena kuti mwezi ndi wokhawo. Mwera ukaomba miyezi yozizira ija mabwato sayenda ngakhale kukhale mdima wotani. Petulo akasowa ndiye kulibe nkhani. Ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mwezi unalibe mlandu. Koma zinazo zimabwera mwadzidzidzi, pamene mwezi sunaphonyepo pangano chiyambire.

Nzeru yokopa nsomba ndi moto si ya lero. Makolo ankayatsa miuni ya udzu ndi bango kutsogolo kwa bwato, nkumatunga usipa ndi kaukonde ka m'manja. Muuni ukatha, ntchito yatha. Kenaka kunabwera nyali za Tilley, zopopa zija za parafini, zimene ena a inu munaziona m'magolosale a kumudzi. Izi zinalamulira nyanja zaka zambiri, koma zinali ndi mavuto ake: parafini kudula, magalasi kusweka, kansalu koyaka kaja kuthothoka bwato likagundidwa ndi funde. Masiku ano pa Msaka Tilley ndi wosowa. Ambiri ali ndi mababu a LED olumikiza ku batire, ndipo batirelo amalitchaja masana ndi sola. Mtengo wotsika, kuwala kochuluka, mphepo siyizimitsa.

Ndipo kusiyana kwake si kuchuluka kwa kuwala kokha. Madzi amameza mitundu ya kuwala mosiyana. Kufiira kumathera pamwamba pomwepa, mamita ochepa chabe, pamene kubiriwira ndi mtundu wa thambo zimalowa pansi kwambiri. Tilley kuwala kwake nkwachikasu, pamene mababu oyera a LED ali ndi mtundu wa thambo wambiri. Ndiye kuti nyali ya lero imaitana nsomba zakuya kumene ya dzana sinkafika.

Siginala uja anandiuza mawu amene sindinawaiwale. Anati nthawi ya bambo ake mwezi ukawala aliyense ankapuma sabata yathunthu kapena kuposa, chifukwa Tilley sakanalimbana ndi mwezi. Lero anyamata ena amangoonjezera mababu, nkumapitabe masiku amene kale anali opuma. Anati, "Mwezi unali gadi wa nyanja wosalandira malipiro. Tsopano tikumulanda ntchito." Anzathu a ku Kariba, pakati pa Zambia ndi Zimbabwe, gadi ameneyu anamulemba ntchito mwalamulo. Kumeneko amapha kapenta, kansomba kamene anakatenga ku nyanja ya Tanganyika mu 1967 ndi 1968, ndipo kenaka kanatsika ndi Zambezi mpaka kukadzaza Cahora Bassa ku Tete. Naonso amapha usiku ndi magetsi, koma malamulo amawaimitsa masiku angapo mwezi uliwonse pa nthawi ya mwezi wathunthu.

Tsono powerenga paja ndinagwera m'nkhani ina imene sindinkaifuna, koma yandipatsa maganizo. Ndi ya nsomba za m'nyanja zamchere, zokhala m'matanthwe a korali. Amene mumapita ku Dar es Salaam kukapikula katundu, kapena munafikako ku Pemba ku Mozambique, mwina munawaonapo. Ndi matanthwe amene sanachite kugwa kuphiri, amamangidwa ndi tizilombo tamoyo m'madzi osaya, ndipo m'menemo mumakhala nsomba za mawangamawanga zosawerengeka. Imodzi mwa izo ndi kansomba kofiirira ka mizere yoyera kamene ana anu amakadziwa ndi dzina loti Nemo, chifukwa cha filimu ya katuni ija ya 2003.

Mu 2019 akatswiri a pa Flinders University ku Australia, motsogozedwa ndi mayi wina dzina lake Emily Fobert, anaweta tinsomba timeneti m'matanki. Matanki ena usiku ankakhala mumdima, ena ankawayatsira kababu kofooka, kongofanana ndi kuwala kumene kumafika m'madzi kuchokera ku nyumba za m'mbali mwa nyanja. Tinsombato tinaikira mazira bwinobwino mbali zonse. Koma kumene kunkayaka babu, palibe dzira ngakhale limodzi limene linaswa. Ngakhale limodzi! Atazimitsa mababu aja, mazira otsatira anayambanso kuswa ngati kale. Chifukwa chake nchakuti mazira a kansombaka amaswa dzuwa litalowa, kuti tiana tituluke adani asakuona. Mdima ndiye belu lake. Belu likapanda kulira, mwana amangodikira m'dziramo mpaka kufera momwemo.

Ena anakayesa m'nyanja yeniyeni, pa chilumba cha Moorea ku French Polynesia, kumene mahotela amamanga tinyumba pamwamba pa madzi nkumayatsa magetsi usiku wonse kuti alendo aziona nsomba. Anatsata tiana ta mtundu wina wa banja lomweli pafupifupi zaka ziwiri, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2021. Kupulumuka kwa timene tinkakhala pa kuwala kunatsika ndi 36 peresenti, ndipo timene tinapulumukato kakulidwe kake kanatsika ndi 44 peresenti poyerekeza ndi tinzake ta mumdima. Mu 2024 gulu lina, la Emma Weschke wa ku University of Bristol, linaika magetsi pansi pa madzi konko ku Moorea ndi kujambula ndi makamera oona mumdima. Masiku oyamba sipanasinthe zambiri. Koma atayatsa masabata atatu ndi kuposa, anapeza kuti nsomba zimene zimayenera kugona usiku zili maso, zikuyendayenda, ndipo zodya zinzake zachuluka pamalopo.

Inde, nsomba zimagona. Ine ndinkayesa sizigona poti zilibe zikope. Zimagona maso ali pamtunda, zina m'mapanga, zina pamchenga. Amene mumaweta nkhuku zoyera za nyama mukudziwa zimene babu amachita: nkhuku imadya usiku wonse chifukwa ikuyesa kukadali masana. Kwa nkhuku ya m'khola zilibe kanthu, chakudya mumaipatsa ndinu, ndipo pakatha masabata 6 yapita pa mpeni. Koma nsomba ya m'thanthwe ikakhala maso usiku imatha mphamvu, ndiponso imaonekera kwa mdani.

Wina ati, iwe mnyamata, za ku Australia zikutikhudza chiyani ife ogulitsa usipa pa Luwanda? Korali ife tilibe, zoona. Koma tili ndi mbuna. Amene munafikako ku Cape Maclear mukudziwa tinsomba tija ta buluu, ta chikasu, ta mizeremizere, todzaza m'miyala ya pa Thumbi ndi Domwe. Akatswiri akamafuna kufotokoza miyala ya m'nyanja yathu amaifanizira ndi korali, chifukwa cha kuchuluka kwa mitundu ndi maonekedwe. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yoposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi, ndipo yambiri sipezeka kwina kulikonse. Nchifukwa chake boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park mu 1980, ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984. Mbuna zimadya ndere za pamiyala masana, usiku zimabisala m'ming'alu, chifukwa usiku ndi wa kampango, amene amasaka ndi ndevu zake osafuna nyali. Mbuna sizisiya mazira pamwala ngati Nemo, mayi amawasunga m'kamwa monga chimachitira chambo. Koma tulo ndi tulo. Ndikaona malo ogona alendo akuchulukana m'mbali mwa nyanja, aliyense ndi mababu ake oloza m'madzi usiku wonse, ndimakumbukira za ku Moorea. Babu wa chitetezo angathe kuloza pakhomo osaloza m'nyanja, ndipo sizidya ndalama.

Koma tisathamangire kuloza chala eni mahotela, chifukwa zala zitatu zikuloza ife. Nyali siisankha. Imaitana wamkulu ndi mwana yemwe. Chimene chimasankha ndi maso a ukonde. Ukonde wa maso oyenera umagwira usipa wokhwima, tiana nkupulumuka. Koma pa madoko ambiri mupeza chilimira chitasokereredwa neti ya udzudzu kuthumba kwake, neti yomweyo imene anatipatsa kuchipatala kuti ana asadwale malungo. Imeneyo siphonya kanthu. Ndiye kumene kumachokera bonya wosaoneka ndi mutu womwe, uja timamuyeza ndi kambale. Ndipo nyali yomweyo akaitengera kufupi ndi gombe, kumene chambo chimaswana, usodzi umene amautcha kauni, imakokera mu ukonde chambo ndi ana ake omwe, kasawala. Dzina lokhalo likukuuzani kuti mwini nkhani ndi muuni.

Funsani amayi akale pa msika wa Limbe kuti zaka za m'ma 1980 chambo chinkabwera chotani. Nyanja ya Malombe inali nkhokwe ya chambo, koma pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chinali chitatheratu, mpaka boma linayambitsa makomiti a m'madoko mu 1993 kuti asodzi eni ake azitetezana. Lamulo la za usodzi la 1997 linabwera kudzalimbikitsa zomwezo. Malombe sanaphedwe ndi nyali, anaphedwa ndi makoka a maso ang'onoang'ono, koma phunziro lake ndi lomwelo. Lero nsomba yoposa theka ya imene imagwidwa m'dziko muno ndi usipa. Mwana wobadwira ku Machinjiri chambo amachiona pa chithunzi, kapena pa ukwati wa anthu olemera.

Kunena chilungamo, usipa ndi wolimba. Moyo wake ndi wa chaka chimodzi kapena kupitirira pang'ono, umakula msanga, umaswana mochuluka, ndiye umapirira zimene chambo sichikanapirira. Zaka zina umachuluka mpaka kusowa poyanika, zaka zina umasowa popanda wolakwa. Sindikufuna wina achoke pano nkumati mtolankhani wanena kuti LED yamaliza usipa. Sindinatero. LED yapulumutsa asodzi ku parafini, ndipo mwina ndi chifukwa chake mulu ukadali wotheka kugula. Chimene ndikunena nchakuti tatsala ndi nsomba imodzi yodyetsa dziko, ndipo tikuithira nyali zowala kuposa kale, masiku ochuluka kuposa kale, ndi maukonde othina kuposa kale, zonse nthawi imodzi. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Ndinawafunsa azakhali kuti bwanji osangosiya kupikula bonya wa tiana uja. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Iwe, kasitomala wanga ali ndi ndalama ya kambale kamodzi, ana 5 kunyumba. Ndimuuze kuti adye chiyani, nkhani zako za m'nyuzizo? Ndikasiya ine, wa benchi iyo agulitsa." Ndinasowa choyankha, ndipo mpaka lero ndilibe. Munthu mmodzi sangasiye yekha. Koma makomiti a m'misika mumatha kugwirizana zoletsa munthu kugulitsa pamalo pa mnzake, mumatha kusonkherana pa maliro, mumatha kukana chiphaso chikakwera mopanda chilungamo. Kasawala yekha, ana a chambo, amene aliyense akudziwa kuti ndi woletsedwa, simungagwirizane kuti asatsike pa galimoto pa Limbe? Asodzi amapha chimene ife timagula. Ku Mbenji, m'boma la Salima, a Senior Chief Makanjira ndi anthu awo akhala akutseka usodzi pachilumba chawo miyezi ya mvula chaka ndi chaka kuyambira zaka za m'ma 1950, popanda kudikira boma, ndipo mpaka lero utaka wa kumeneko umatchuka kukula. Anthu akagwirizana zimatheka.

Kubwerera ku ulendo wathu uja: tinachoka pa Msaka ndi theka la katundu amene azakhali anawerengera. Ngongole ya banki m'khonde inawatengera miyezi inayi kuti aimalize, ndipo wailesi yawo ya pa benchi inapita m'menemo. Kwa milungu ingapo sankandiyankhula bwino, ati ine wopita kusukulu ndinalephera bwanji kuwauza za mwezi. Ndinavomera mlandu. Fomu 4 yonse ndinaphunzira za mwezi kuti ndikhoze mayeso, osadziwa kuti ndi nkhani ya mpamba.

Pano pa benchi yawo apachika kalendala ija imakhala ndi tizithunzi ta mwezi, anaipempha kwa mnzawo wachisilamu wogulitsa mpunga, poti anzathuwo mwezi amautsata mosaphonya. Akaona kuti mdima wayandikira amakonzeka ulendo. Akagula wambiri wouma bwino nthawi ya mdima, amasungako matumba awiri pamalo ouma kudikira masiku owala, pamene pa Limbe pamakhala kulimbirana. Ulendo uno anasunga thumba limodzi lokha chifukwa cha fizi ya mwana, nchifukwa chake Loweruka lija anali atapikulanso modula ndipo mulu unachepa.

Mwezi wayamba kale kuchedwa kutuluka. Ndinauona dzulo ukusuzumira mochedwa kuseri kwa mapiri, anthu atagona. Azakhali akwera basi Lachitatu m'mawa. Bambo a tayi aja, ngati mumawerenga tsamba lino, dzabwereni pa Luwanda Loweruka la sabata ya mawa ndi ndalama yomwe ija, benchi yachitatu kuchokera kumene amagulitsa tomato. Za ziphaso tidzakamba sabata ikubwerayi.